Ng'oma Yosafuna Moto

Anthu akandifunsa kuti ng'oma za jazi zabwino ndi ziti, zakale kapena zamakono, ndimayamba ndacheuka kaye. Ndi chizolowezi chabe. Funso limenelo linatsala pang'ono kundilanda alamu anga.

Tinali ndi kagulu koimba kwathu kwa Malemia, zaka zija nkhondo inali itakolera kutsidya kwa Shire. Panali mnzathu wa banjo, ine woimba ng'oma, ndi alamu anga, amuna a mlongo wanga, amene ankakonza ng'omazo n'kumavina kutsogolo. Alamuwo anali a kutsidya. Anawoloka pa bwato cha ku Nyachikadza akukoka ng'ombe imodzi pa chingwe, iyo ikusambira pambuyo, ndipo amati ng'ona zinkapatuka chifukwa ng'ombeyo inali yowonda moti zinaimvera chisoni. Ine panalibepo, koma ng'ombeyo ndinaiona ndi maso angawa, ndipo ng'onazo ndikuziikira kumbuyo. Itafa, nyama yake sinakwane ndiwo za banja limodzi. Chikopa chokha ndiye chinali chabwino, ndipo ndi chimene alamu anakungira ng'oma yathu yaikulu.

Ng'oma yaikuluyo unali mgolo wa dizilo wodula pakati. Chopondera chake anachipanga ndi pedulo ya njinga, sipuling'i ya bedi lakale, ndi mphira wa thayala wokulunga kunsonga ya ndodo. Kang'oma kokhala pakati pa miyendo kanali chitini cha penti chokunga chikopa cha mbuzi, kunsi kwake atamanga mawaya a mabuleki kuti kazilira mosasa. Mbale yomenya pamwamba chinali chivundikiro cha poto wa mlongo wanga, ndipo mwini wake ankachifuna tsiku ndi tsiku, mokweza mawu.

Ikalira ng'oma yaikulu ija sunkaimva ndi makutu. Inkalowera kumapazi, kukwera m'mawondo, n'kukakhazikika pansi pa mchombo. Mvuu za kudambo zinkayankha. Pa ukwati wina kwa Mbenje mayi wapakati anavina pafupi nayo kwambiri, ndipo mwana wake anabadwa akugwedeza mapewa. Ndikanama ng'ona indigwire padoko anthu akuona. Mwanayo alipo, ndi bambo wa ana ake tsopano, mapewa sanalekebe.

Koma chikopa n'chikopa. Chimamva nyengo kuposa mawondo a nkhalamba. Kukagwa mame, kapena chinyezi cha kumtsinje chikakwera, chimalefuka, ng'oma n'kumalira ngati munthu akumenya thumba la madeya. Mankhwala ake ndi amodzi okha, ndipo mwana aliyense wa kuchigwa amawadziwa: kuwamba. Umasonkha moto wa udzu kapena mapesi, n'kuyandikiza ng'oma, ukuitembenuza, ukuisisita ndi chikhatho, ukuigogoda ndi chala, mpaka mawu atakwera. Alamu ankachita zimenezi osaganizira n'komwe, monga mmene munthu amasambira m'manja asanadye. Ng'oma iliyonse yodutsa pamaso pawo ankaiwamba. Akanawalola akanawamba ndi belu la kutchalitchi.

Masiku amenewo anyamata a chipani a malaya ofiira akaima pakhomo pako, dzanja linkapita lokha m'thumba kukafufuza khadi, mutu usanalitume. Alamu khadi anali nayo. Anaguliranso ng'ombe ija khadi yake isanafe, kuti pasakhale zonena. Koma khadi simasintha kumene mchombo wa munthu unagwera. Munthu wa kutsidya akapalamula, mlandu wake sunkafika pabwalo. Ankamukweza galimoto, ena amati akukamusiya kumsasa wa othawa nkhondo, ena amati akukamutula pamalire kuti abwerere kumene mfuti zikulira, ndipo panalibe wofunsa. Atcheya a chipani m'dera lathu ankadziwa bwino kumene alamu anachokera, koma ankangokhala chete. Kukhala chete kwawoko ndiye kunali denga limene alamu, mlongo wanga ndi kamwana kawo ka kumsana ankagonamo.

Atcheyawo anali bambo wamfupi wosavula jekete. Kwathu nyengo yotentha nsomba zimavuuka m'madzi zitapsa kale mbali imodzi, iwe umangotembenuza, koma iwo jekete ili pathupi. Sanali munthu woipa. Anali munthu wamantha amene anapatsidwa mphamvu, ndipo pa awiriwa bola woipa, chifukwa amagonako.

Tsiku lina m'mawa anyamata ofiira aja anatiitana, ine ndi alamu, kuti tikufunika ku ofesi. Titalowa tinapeza makatoni otsegula, ndipo pakati pa chipinda panaima ng'oma za jazi zenizeni, za kusitolo, zobwera pa sitima.

"Mphatso ya anduna kwa achinyamata a dera lino," anatero atcheya. "Mawa akubwera kudzachititsa msonkhano, ndipo akufuna adzazimve ndi makutu awo."

Zinali zofiira, zonyezimira ngati galimoto ya pa ukwati. Ndinadziona nkhope m'mbali mwa ng'oma yaikulu, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinamvetsa chifukwa chimene atsikana ankandipatukira. Panalibe chikhomo ngakhale chimodzi, panalibe chingwe. Chikopa chinagwidwa ndi mkombero wachitsulo wokhala ndi timabawuti tozungulira. Mbale zake zinali mbale zoti n'zomenya basi, zosachokera pa poto wa munthu. Chikopacho chinali choyera mbee, chosalala, chopanda ubweya, chopanda chipsera cha nkhupakupa.

Alamu anawerama n'kununkhiza.

"Ninji pyenepi?" anafunsa m'Chisena chawo. "Nyama yanji iyi, bwana?"

"Pulasitiki."

"Imadya chiyani?"

Atcheya sanaseke, ndiye nafenso sitinaseke. Anandiuza kuti ndiyese. Ndinakhala pa kampando kake, pakuti zinabwera ndi kampando komwe, n'kuponda. Chopondera chinali chofewa ngati ukuponda thonje, ndipo sichinkalira kwichikwichi ngati chathu. Kang'oma kapakati kanali kakuthwa, kakuti tha! Mbale ukaimenya inkapitiriza kuyankhula yokha iwe utapita kukamwa madzi. Ndisaname, ndinazikonda. Koma yaikulu ija inangoti phu. Mawu aukhondo, omveka, othera pomwepo, ngati moni wa munthu wa m'tauni. Sinafike ndi m'mawondo momwe.

Alamu anaigogoda ndi chala, n'kupukusa mutu.

"Yazizidwa," ananong'ona. "Yagona m'sitima, yamva mphepo."

Mawu amenewo ndinawamva. Anadutsa m'khutu ngati udzudzu, ine maso ali pa mbale zonyezimira.

Atcheya analamula kuti tizitengere kunyumba kuti ndikazizolowere. Alamu anasenza yaikulu pamutu n'kutsogola, anyamata ofiira akuwayang'ana mpaka anakhota. Ine atcheya anandigwira mkono kuti nditsale.

"Iwe wa ng'oma, tamvera. Izi sizili ngati migolo yanu ija. Izi sizifuna moto. Mvula, mame, chiperoni, zimalira chimodzimodzi. Ukaziyandikiza pamoto zimasungunuka ngati kandulo." Anatulutsa kachitsulo kakang'ono kamene anakamangirira pa chingwe cha m'khosi. "Mawu amakwezera aka, ndipo kazikhala ndi ine. Mawa ndikauza anduna pamaso pa anthu onse kuti kale tinkawamba ng'oma ngati mlamba, koma lero tili ndi ng'oma yosafuna moto. Chitukuko ndi chimenecho. Ndikadzangoona utsi pafupi ndi nsanja, ndidzadziwa kuti pali wina amene chitukuko chikumuwawa. Ndipo pa mphatso ya anduna pakapezeka ngakhale pokandika ndi chikhadabo, ndidzafuna mwini chikhadabocho."

Analankhulanso zambiri, za mwambo ndi kumvera, ine ndikuvomera. Kenako mawu a alamu aja anabwerera m'khutu, ulendo uno osati ngati udzudzu. Yazizidwa.

Sindikumbuka ngati ndinatsanzika. Ndikukumbuka kuti ndinathamanga ndi timing'oma ting'onoting'ono kukhwapa, mbale zikulira pamsana, ndipo ndinapitirira njinga ziwiri ndi galu amene ankathamangitsa imodzi mwa njingazo. Mthunzi wanga unafika pakhomo mochedwa, ukupuma wefuwefu. Zoona zokhazokha. Ndili patali ndinaona kautsi kakukwera kuseri kwa nyumba ya alamu, koongoka bwino, kamoto ka munthu wodziwa ntchito yake.

Ndinawapeza atanjuta, chikhatho chidakali m'mwamba monga amachitira posisita. Pakati pa chikopa choyera chija, mbali imene chopondera chimamenya, panali dzenje loti mwana atha kulowetsa mutu. M'mphepete mwake munapindika n'kuda, ndipo fungo linali la nsapato yopsa.

"Alamu," anatero osandiyang'ana, "nyama iyi njamantha. Ndangoionetsa moto pang'ono basi, yathawa."

"Mwaigwiritsa pamoto?"

"Nkhabe! Ayi ndithu. Ndinali patali monga ndimachitira masiku onse. Poyamba inayamba kumveka bwino, kenako inangotsegula pakamwa."

Mlongo wanga anatulukira ndi mwana kumsana ndi ndowa m'manja. Tsiku limenelo amayi onse anali kumsewu kupaka laimu miyala ndi mitengo kuti anduna adzaone kuyera. Anayang'ana ng'oma, anayang'ana amuna ake, n'kukhala pansi pomwepo padothi.

"Bambo a mwana, mwawotcha anduna."

"Ndawotcha ng'oma, mayi."

"Mukawauze zimenezo a malaya ofiira, muone ngati amasiyanitsa."

Ndinati ndikanena kuti ndine. Mlongo wanga anandiyang'ana ngati ndanena kuti ndikayamwitsa mwanayo.

"Achimwene, inu ngakhale moto wa fodya umakukanikani. Dera lonse likudziwa kuti pamene pali ng'oma ndi utsi pali bambo awa. Ndipo anawaona atasenza."

Alamu anati mwina athawire kudambo kwa Nyachikadza mpaka zitazizira. Koma wothawa ndiye kuti wavomera mlandu, ndipo zoterezi sizinkazizira. Ndinkangoona galimoto ija m'maganizo, alamu atakhala kumbuyo atagwira mawondo, mlongo wanga akuthamangira fumbi. Kamwana kanayamba kulira, ndipo palibe anakatonthoza.

Amene anayamba kuyang'ana m'ndowa ya laimu anali mlongo wanga. Anayang'ana m'ndowamo, kenako pakhonde pamene panali ng'oma yathu yakale.

"Choyera n'choyera," anatero. "Mwala wa kumsewu uja unabadwa woyera?"

Alamu anamva msanga kuposa ine. Anaimirira n'kupita pakhonde, nakhala nthawi atasanjika dzanja pa chikopa cha ng'ombe yawo. Ndi chokhacho chimene chinatsala pa zonse zimene anachoka nazo kwawo. Kenako anatenga mpeni.

"Unandiwolotsa kamodzi," anaiuza. "Undiwolotsenso."

Anachidula mozungulira, n'kuchinyika m'beseni kuti chifewe. Ubweya wotsala tinaupala ndi galasi la botolo losweka. Kachitsulo komasulira kanali m'khosi mwa atcheya, koma timabawuti tija tinagonja pa sipanala ya masipoko a njinga. Pulasitiki yopsa tinaichotsa pa mkombero wake, alamu n'kukulungapo chikopa, kusoka, kubwezera, kumanga bawuti uyu kenako wa kutsidya kwake, pang'onopang'ono. Mlongo wanga anapaka laimu ndi kansanza, kupaka n'kupakanso, mpaka mawanga akuda a ng'ombe anabisika. Ukaima patali, utatsinzina diso limodzi, uli ndi mtima wofuna kukhulupirira, inali ng'oma ya anduna.

Ndinaponda kuti timve. Inati bwa, ngati phazi la mvuu m'matope.

Chikopa chonyowa sungachiumitse ndi moto waukali, chimang'ambikira m'mphepete. Chimafuna kamoto ka patali kwa nthawi yaitali, kapena dzuwa. Dzuwa linali litapendeka kale. Tikuti tisonkhe kamotoko, pakhomo panafika mnyamata wa malaya ofiira ndi mphasa yake, kuti atcheya amutuma adzalondere mphatso mpaka kuche. Tinali titaitembenuzira kale kukhoma n'kuifunditsa chitenje, kuopa fumbi, tinatero. Anatiyamikira chifukwa cha ulemu.

"Musadandaule, alamu," ndinawanong'oneza. "Kuno ndi ku Nsanje. Dzuwa silinajombepo chibadwire ine."

Kutacha kunalibe dzuwa.

Dzuwa limene chaka chonse limatisaka ngati tinalitukwanira amake, tsiku limenelo linafunda mitambo. Chiperoni chinatsika kumapiri, kamphepo konyowa kakuwomba, anthu akuyamikira kuti anduna abwera ndi nyengo yabwino. Ine ndinayang'ana kumwamba mpaka khosi linauma.

Pabwalo la msonkhano anatiika kutsogolo kwa nsanja, titayang'ana anthu. Ndiye kuti akuluakulu onse okhala pansanjapo anali kumbuyo kwanga, pamwamba, maso awo akugwera ndendende pa mbali imene tinapaka laimu. Ndinakhala pa kampando n'kutambasula miyendo ndi zigongono kuti ndikule. Ndine munthu woonda, koma tsiku limenelo ndinatupa ndi mantha mpaka ndinaphimba theka la ng'oma.

Atcheya anabwera akupukuta manja.

"Tayesa timve."

Alamu anayamba kumanga chingwe cha nsapato, chonsecho anavala nkhwaila zopanda zingwe.

"Bwana," ndinatero, "mphatso ya anduna ingalire eni ake asanafike? Sikukhala kulawa ndiwo za mlendo kumeneko?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anagwedeza mutu, ndipo posakhalitsa ndinawamva akuuza akuluakulu anzawo kuti alamula kuti ng'oma zisalire anduna asanafike, chifukwa kumeneko n'kulawa ndiwo za mlendo.

Moyo wanga wonse ndinkadandaula kuti akuluakulu amachedwa. Tsiku limenelo ndinapempherera msewu wonse wochokera ku Chikwawa, dzenje lililonse palokha, kuti ligwire ntchito yake. Ndinapempherera misomali. Amayi ankayeserera nyimbo, ana a sukulu atandandalika m'mbali mwa msewu ndi timbendera, ine mawondo nditawapanikiza pa ng'oma kuti mwina kutentha kwa thupi langa kungathandize. Alamu ankabwera ngati akupukuta fumbi, n'kumauzira mpweya pachikopa mobisa, koma akasisita laimu ankatsalira m'manja. Kumapeto kwa bwalo mayi wina ankaotcha chimanga, ndipo alamu ankayang'ana kamoto kake monga mmene wodwala malungo amayang'anira bulangete la mnzake.

"Alamu, maso kuno," ndinatero.

"Ndikungoona, alamu. Kuona si kuwamba."

Kenako kunabwera galu. Pulasitiki galu alibe nayo ntchito, ng'oma zina zonse anazidutsa osacheuka. Anafika pa yaikulu, ananunkhiza, n'kukhala pansi ngati wafika kwawo. Ndinamuponda mchira, anasuntha pang'ono n'kubwerera. Ntchentche nazo zinamva uthenga. Mnyamata wa malaya ofiira uja anabwera kudzamuthamangitsa, n'kuima akukwinya mphuno.

"Kukununkha chiyani pano?"

"Ndine, achimwene," ndinatero. "Sindinasambe, kuopa kuchedwa."

Anandiyang'ana monyansidwa n'kuchoka. Sindinayambe ndanyadirapo chipongwe ngati tsiku limenelo.

Dzuwa lili pafupi kufika pamutu, ngakhale sitinkaliona, mitambo inang'ambika cha kumtsinje. Poyamba kanali kadzenje, ngati kaja ka pa pulasitiki. Kenako dzuwa la kwathu linatuluka lonse, lokwiya chifukwa chotsekeredwa. Ana a sukulu anayamba kufunafuna mithunzi, amayi kudzikupiza ndi nsalu, akuluakulu kufutukula makolala. Pabwalo lonselo anthu osangalala tinali awiri. Alamu anaipendeketsa ng'oma kuti chikopa chiyang'ane kumwamba, n'kuuza wofunsa aliyense kuti akufuna anduna adzaione ikunyezimira. Ndinaika khutu pafupi ndipo ndinkamva chikopa chikudzikoka, chikuti the, the, pa mkombero. Ndinagogoda ndi chala mobisa. Bwa uja anali atasanduka bu. Kunali kusanafike.

Pomwepo fumbi linaoneka kumsewu, amayi n'kuyamba nthungululu.

Apa ndiyenera kuthokoza mwambo wa misonkhano ya nthawi imeneyo. Panali pemphero, ndipo abusa ake anayambira pa Adamu. Panali kulonjera akuluakulu mmodzimmodzi ndi maudindo awo onse. Wina aliyense woimirira ankati salankhula zambiri, ine mumtima n'kumati lankhulani, bambo, musatimane. Thukuta linkatsika m'miyendo mpaka pansi pa kampando panamera udzu. Ndikanama mphezi indipeze m'nyumba.

Atcheya anaimirira pomaliza, jekete itanyowa mpaka m'matumba.

"Kale, bwana, anthu a kuno tinkawamba ng'oma ngati mlamba! Gule asanayambe, utsi! Pakati pa gule, utsi! Koma lero, chifukwa cha inu, tili ndi ng'oma yosafuna moto!" Anthu anaomba m'manja. "Anyamata, imbani!"

Wa banjo anayamba. Alamu anapita kutsogolo kukavina, nkhope ili ngati ya munthu amene akupita kukaikidwa. Ndinakweza phazi, ndinatsinzina, n'kuponda.

Inalira. Inalowera kumapazi, kukwera m'mawondo, n'kukakhala pansi pa mchombo pa munthu aliyense pabwalopo. Matabwa a nsanja ananjenjemera. Kudambo mvuu inayankha, ndipo amene akuti kudambo n'kutali sanaimve ng'ombe imeneyo ili mu mgolo wa kusitolo. Thupi linali la makono, lopepuka, lomangidwa mofanana mbali zonse, mawu ake a kutsidya. Sinayambe yalirapo choncho ngakhale ili pa mgolo wa dizilo.

Nditatsegula maso ndinaona vuto. Kuponda kulikonse kunkatulutsa kamtambo koyera. Laimu ankauluka n'kundigwera m'miyendo, m'manja, m'nsidze. Pamene chopondera chinkamenya panayamba kuoneka kadontho kakuda, ndipo kankakula. Nyimbo isanafike pakati, banga lonse la pa nthiti ya ng'ombe ija linali poyera, lija looneka ngati khutu. Kusiya sindikanatha. Kuponda pang'ono sindikanatha, chifukwa anduna anali atatsika pansanja ndipo ankavina ndi amayi.

Nyimbo itatha anabwera molunjika kwa ine, atcheya ali pambuyo. Anazungulira n'kuima kumbuyo kwanga. Ndinali woyera ngati ndagwera m'chigayo. Galu uja anali atabwerera, atagona pafupi ndi chopondera. Alamu anaima pamene nyimbo inawasiya, mwendo umodzi uli patsogolo. Pakati pa amayi ndinamuona mlongo wanga atagwira mwana pachifuwa, osati kumsana.

"Atcheya," anatero anduna, "ng'oma zoterezi ndimazimva m'tauni, zimangoti phu, phu. Iyi ikulira ngati za kumudzi kwathu ndili mwana. Mwaitani?"

Atcheya anayang'ana banga lakuda lija. Anayang'ana galu. Anayang'ana laimu wa m'nsidze zanga, kenako anatembenuka pang'onopang'ono n'kuyang'ana alamu. Dzanja lawo linapita pa kachitsulo ka m'khosi. Mawu amodzi okha akanakwanira, ndipo anyamata ofiira anali pomwepo. Koma anali atangonena kumene pamaso pa anthu onse, ndi pamaso pa mwini mphatso, kuti ng'oma iyi ndi chitukuko, ndipo amene anapatsidwa kuti aisunge anali iwowo.

"Ndi nyengo ya kuno, bwana," anatero. "Pulasitiki ikafika kuchigwa imakhwima."

"Nanga fumbili?"

"Ndi la kufakitale, bwana. Ikadali yatsopano, likutha."

Anduna anawerama n'kukhudza chikopa ndi chala. Anachiyang'ana chalacho, anachipititsa pafupi ndi mphuno ngati akufuna kukanda mlomo. Munthu amene anakulira kumudzi sangalephere kudziwa ng'ombe, ngakhale itavala laimu. Koma nawonso anali atavina pamaso pa anthu, atayamikiridwa chifukwa cha mphatso yawo. Anapukuta chala pa mpango.

"Muisamale," anatero, n'kubwerera kunsanja.

Sitinasangalale. Anduna amapita, atcheya amatsala. Tinanyamula ng'oma kubwerera kunyumba n'kukhala pakhonde, aliyense khutu lili kumsewu. Njinga ikadutsa tinkaimirira. Mlongo wanga anamanga zovala za amuna ake m'kampukutu, kenako anamasula, kenako anamanganso.

Dzuwa litapendeka atcheya anafika okha, opanda anyamata. Anakhala pa mpando umene tinawapatsa, ndipo anachita chinthu chimene munthu wa kwathu sanachionepo: anavula jekete. Mkati mwake munali munthu wochepa kwambiri moti ndinafuna kuyang'ana ngati wina watsalira m'jeketemo.

"Chopsacho chili kuti?"

Alamu analowa m'nyumba n'kutuluka nacho. Anagwada pochipereka.

"Ndine, bwana. Ndinaona ngati yazizidwa."

Atcheya analowetsa dzanja padzenje paja n'kulitulutsa.

"Ine ndauza anduna pamaso pa anthu kuti ng'oma iyi sifuna moto," anatero. "Ndiye sifuna moto. Mwamva, inu a kutsidya?"

"Ndamva, bwana."

"Ikadzafuna, isadzafune ine ndikuona. Isadzafune mnyamata wanga aliyense akuona." Anapinda pulasitiki ija n'kuibisa m'jekete. Kenako anavula chingwe cha m'khosi n'kuponya kachitsulo kaja pamiyendo pa alamu. "Ndipo kutsidya musadzayerekeze kupitako, ngakhale kumaliro. Wina akadzati akukwezeni galimoto, mudzati akandifunse ine. Mukachoka inu, ndani aziisunga kuti isafune moto? Anduna akadzabweranso ikadzati phu, wokwera galimoto ndidzakhala ine."

"Takhuta, bwana," anatero alamu. "Pyadidi. Zikomo."

Mlongo wanga anamasula kampukutu kaja komaliza, n'kulowa m'nyumba, ndipo tinamumva akulira ndi kutukwana amuna ake nthawi imodzi.

Ng'oma imeneyo ndinaiimba zaka zambiri, pa misonkhano, pa maukwati, paliponse. Sinafunepo moto ngakhale tsiku limodzi, ndipo ndikhoza kulumbira pa chilichonse chimene mungandipatse. Kungoti tsiku lililonse la gule mlongo wanga ankakhala ndi chilakolako chowamba nsomba kuseri kwa bafa, ndipo alamu ankapita kukamuthandiza atasenza chinthu chachikulu chofunditsa chitenje. Anthu ankadabwa kuti banja limeneli limakonda nsomba zowamba m'mamawa. Laimu ankatha msanga pakhomo pathu kuposa pa nyumba ya azungu.

Mgolo wa dizilo uja unatsala wopanda chikopa, nkhuku n'kumaikiramo mazira. Chivundikiro cha poto chinabwerera kwa mwini wake chitapindika, ndipo sichinakwanenso pa poto aliyense, nkhani imene imatuluka mpaka lero pakakhala mkangano.

Alamu alipo, akalamba, mano atsala owerengeka. Nkhondo itatha anzawo ambiri anabwerera kwawo, iwo anati sanamasulidwe. Kutchalitchi kwawo anagula ng'oma za jazi zamakono, zakuda, zokongola kuposa za anduna zija. Lamlungu lina mnyamata woziimba ataponda yaikulu, ndinawaona alamu akupendeketsa mutu, chala chikugogoda pa bondo, maso akupita ku makandulo a kuguwa. Mlongo wanga sanatembenuke n'komwe. Anangowagwira dzanja n'kulikhalira.